Mkono umene ndinaumanga m'chitenje

Abale ndi alongo okondedwa mwa Ambuye, moni nonse kulikonse kumene uthengawu wakupezani, kaya muli kumunda, kaya pamsika, kaya mwagona pabedi la chipatala. Ine ndine make Lameki, ndimathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Sukulu sindinapite nayo patali, ndinalekezera ku pulayimale, ndiye mukaona mawu ena akupendekeka mundikhululukire. Koma zimene Mulungu wandichitira sindingazikhalire ayi. Chaka chathachi mkono wanga wamanja unauma paphewa, osakweranso m'mwamba, ndipo ndinatsala pang'ono kutaya ntchito pamodzi ndi nyumba yomwe ndimagonamo.

Kwa inu amene simunathyolepo tiyi, ndikuuzeni mmene ntchitoyi imakhalira. Umabereka dengu kumsana, malamba m'mapewa, ndipo manja onse awiri amayenda pamwamba pa tiyi kutola nsonga zanthete. Dzanja likadzaza, umaponya masambawo kumbuyo, kudutsitsa paphewa, kuti agwere m'dengu. Ndi zomwezo kuyambira mame asanaume mpaka nthawi yopita kusikelo. Mkono umene sufika pakhutu ulibe ntchito m'munda wa tiyi. Ndipo nyumba zakumalayini, kumene timakhala ife antchito, ndi za kampani. Ntchito ikatha, umatulutsa mphasa ndi miphika yako, wina n'kulowa. Bambo ake a Lameki anatisiya kalekale, ndipo kwathu ku Mphuka kamunda kamene amayi anatisiyira kanagawidwa mpaka kutha. Ine ndikanapita kuti?

Lameki ndiye mwana yekhayo amene Mulungu anandisiyira. Atasankhidwa kupita ku koleji mumzinda ndinavina, ndinalulutira mpaka mawu anasasa. Pemphero langa la zaka zonse linali loti adzavale choyera, adzagwire ntchito m'chipatala. Ndiye atandiuza kuti akukaphunzira za thupi la munthu ndi masewero olimbitsa thupi, mtima wanga unatsika pang'ono. Anzanga pamzere wothyola sanachedwe kuitola nkhaniyo. Ankati mwana wa make Lameki wapita ku koleji kukaphunzira kulumpha chingwe. Wina ankati akabwera patchuthi adzatiphunzitse kuthamanga, mwina tizidzafika msanga kusikelo. Ndinkaseka nawo, koma ndikafika kunyumba ndinkafunsa kuti, Ambuye, kodi pemphero langa munalimva mbali imodzi?

Ngozi inandipeza mvula ikupita kumapeto. Tinkatsika kumunda wotsetsereka, dengu lodzaza, dothi lofiira lija likuterera. Phazi linachoka, ndinagwera mbali yamanja, phewa ndilo linayamba kufika pansi, dengu n'kundikanikiza. Anzanga anandidzutsa. Kukachipatala ka paesiteti anandipima n'kunena kuti fupa silinathyoke, anandipatsa mankhwala opha ululu, n'kundiuza kuti ndiupumitse mkonowo masiku ochepa.

Ndili ndi achemwali anga aakulu, a Felesiya, amene amakhala ku Nchilamwela. Atamva anabwera tsiku lomwelo pa kabaza. Anawiritsa madzi n'kundithowa ndi kansalu, kenako anatenga chitenje changa chabwino n'kuumangirira mkonowo pachifuwa, mfundo ili pakhosi. Anati chiwalo chopweteka sachisokoneza, umachisunga phee mpaka ululu utatheratu, ndipo ndi mmene agogo athu ankachitira. Ndinamvera, chifukwa anachita mwachikondi, ndipo kunena zoona mkono ukamangidwa ululu unkachepa.

Masiku ochepa aja anasanduka milungu, milungu n'kukhala miyezi. Ndikamasula kuti ndiyese, phewa linkabaya ngati alowetsamo msomali, ndiye ndinkamanganso. Chiperoni chinabwera ndi nkhungu yake ndi kamvula kosatha kaja, ine mkono uli m'chitenje. Tsiku lina ndinati lero ndiumasule ndiuyesenso. Ndinayesa kumanga mpango kumutu, mkono unathera pachifuwa. Ndinayesa kudzitula ndowa, zinakanika. Kumsana sindinkatha kudzikhula posamba. Ululu woyamba uja unali utachepa, koma m'malo mwake munalowa kuuma. Mkono unali ngati nthambi imene anangoikhomera pathupi langa.

Akapitawo athu ndi munthu wachifundo. Poti inali nyengo imene tiyi amakhala wochepa, anandisamutsira ku nazale, kumene ndinkathira dothi m'timachubu ndi dzanja lamanzere. Koma anandiuza poyera kuti mvula ikadzagwa, tiyi n'kuphukira, aliyense adzabwerera kudengu, ndipo amene sangathe dengu iwo sangamubise kwa akuluakulu. Sananene mwankhanza. Ananena akuyang'ana pansi.

Kuchokera tsiku limenelo ndinalibenso mtendere. Ndinkati ndikakhala pansi, ndimve ngati ndaiwala china, ndidzuke. Ndikadzuka, osadziwa kuti ndikupita kuti. Ndinkasesa pabwalo posesa kale. Maso anga ankangokhala kumwamba, kuyang'ana ngati kwachita mtambo. Ine amene moyo wanga wonse ndinkapempherera mvula, ndinayamba kuiopa. Ndikadutsa m'minda imene anaidulira, ndinkawerama n'kuyang'ana ngati timasamba tayamba kutuluka, ngati munthu wozonda mdani. Chakudya chinkandikanika. Kutchalitchi ndinkakhala pafupi ndi khomo chifukwa sindinkatha kukhazikika mpaka ulaliki kutha.

Alangizi nawo sanasowe. Ena ankati ndi sitiroko ikubwera pang'onopang'ono. Ena ankati pamzere pali wansanje chifukwa dengu langa linkalemera kuposa la anzanga, ndipo ndipite akanditeme mphini paphewapo. Ndinakana, koma ndisaname, tsiku lina ndinafika mpaka pamphambano ya njira yopita kwa sing'angayo, n'kuima, n'kubwerera ndikulira. Amayi anzanga a mapemphero a Lachinayi ankabwera kudzandipempherera. Ine pemphero langa linafupika, linangotsala loti, Inu amene munaumba mkonowu, munditumizire munthu woudziwa.

Lameki sindinamuuze chilichonse. Akaimba foni ndinkati kuno kuli bwino, tikungozizidwa. China n'chakuti sindinkafuna kumusokoneza maphunziro. Koma china, inu a kwathu kuno mukuchidziwa. Mnyamata akavinidwa, amalangizidwa kusimba kuti kuchipinda kwa amayi ake salowanso, pamphasa yawo sakhala, thupi lawo saliyang'ana kapena kuligwira. Ndipo mayi nayenso amadziwa malire ake. Za m'thupi mwako umauza mchemwali wako kapena mnzako wamkazi, osati mwana wamwamuna wandevu. Umu ndi mmene tinakulira, ndipo ndi ulemu umene ine ndimaulemekeza mpaka lero.

Anabwera patchuthi dzuwa litayamba kutentha. Nditamva kuti ali m'njira ndinamasula chitenje chija, n'kuvala juzi yaikulu ngakhale kunali kotentha. A Felesiya anabwera kudzandithandiza kuphika kuti mwana asaone kanthu. Masiku oyamba ndinkaganiza kuti ndamubisira bwino. Iye ankakhala pakhonde ndi buku lake lalikulu lokhala ndi zithunzi za munthu wosendedwa khungu, minofu yonse ili poyera ngati nyama ya pabutchala. Ankaloweza mayina a mafupa akudzigwira yekha, pano pakhosi, pano pachigongono, pano m'nthiti, akung'ung'udza Chingerezi chovuta. A Felesiya ankadutsa chapatali n'kumanena kuti buku lotere siliyenera kugona m'nyumba mwa Mkhristu.

Koma maso ake sanali pabuku pokha. Tsiku lina ndinkafuna kutenga mchere pakashelefu, ndipo ndinachita mmene ndinazolowerera, kupendekeka thupi lonse n'kukweza phewa mpaka kukhutu. Nditatembenuka ndinamupeza ataima pakhomo.

"Amayi, mkonowo unayamba liti?"

Ndinati palibe kanthu, ndi ukalamba chabe. Anandipempha kuti ndikweze manja onse awiri ngati mmene ndimachitira poimba kutchalitchi. Wamanzere unakwera, wamanja unathera panjira. Nkhope yake inasintha. Anayenda kubwera kwa ine, dzanja lake litatambasuka kulunjika paphewa langa, ndipo ine ndinabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma. A Felesiya anatulukira kuchokera kukhitchini ali ndi chipande m'manja.

"Iwe Lameki, sukulu yakuiwalitsa za kusimba? Amenewo ndi amako."

Mwana anabweza dzanja ngati wagwira moto. Anapepesa, n'kutuluka. Ndinamuona akuzungulirazungulira kuseri kwa nyumba, manja m'chiuno, kuyenda kwake kofanana ndi kwanga kwa miyezi yonseyo. Mtima unandipweteka kawiri, chifukwa cha mkono ndi chifukwa cha iye. Tsiku lonse sitinalankhulane bwino.

Kutacha anakwera kabaza osanena kumene akupita. Anabwera dzuwa lili pamutu atanyamula kajumbo, m'katimo muli mwendo wakutsogolo wa mbuzi, wathunthu ndi phewa lake, umene anakagula ku Khonjeni. A Felesiya anasangalala, anati koma mwanayu akalakwa amadziwa kupepesa, n'kuyamba kusenda anyezi. Iye anati nyamayo idyedwa ndithu, koma iyambe yaphunzitsa. Anatikhazika pamkeka, iye n'kukhala chapatali pampando, thireyi ili pakati pathu, n'kuyamba kuchekacheka ndi kampeni mosamala ngati telala.

Abale, ndakhala ndikudula nyama moyo wanga wonse, koma ndinali ndisanayang'anepo chimene ndikudula. Anationetsa minofu yofiira, mmene uliwonse umathera m'kachingwe koyera kolimba kogwira pafupa. Anakoka kachingwe kamodzi, mwendo wa mbuzi yakufa n'kupindika. A Felesiya anadzidzimuka n'kutchula dzina la Yesu. Iye anati minofu ntchito yake ndi kukoka basi, siikankha, n'chifukwa chake imakhala iwiriiwiri, wina wopinda, wina wowongola. Kenako anatsegula polumikizana mafupa. Mutu wa fupa unali wobulungira, woyera, wosalala ngati mbale yadothi yatsopano, ndipo panali timadzi toterera. Anati ntchafu ya munthu imalowa m'chiuno ngati munsi mumtondo, mozama, koma phewa lili ngati lalanje limene laikidwa pa sosala. N'chifukwa chake mkono umatha kuzungulira mbali zonse, ndipo chimene chimaligwira kuti lisagwe ndi minofu ndi kathumba kofewa kolikuta.

Anatambasula kathumbako ndi zala kuti tione mmene kamatamukira. Anati kameneka kamakhala kofewa chifukwa choyendayenda. Mkono ukakhala malo amodzi nthawi yaitali, kathumba kamakhwinyata n'kulimba, minofu imene yasiya ntchito imafota, ndipo ngakhale magazi sayenda mokwanira pamalo ongokhala. Anati thupi linapangidwa motero, chimene ukuchigwiritsa ntchito limachidyetsa, chimene wachisiya limachiiwala. Anafunsa kuti mkonowo unakhala womangidwa nthawi yaitali bwanji. A Felesiya anayang'ana chitenje chija chili pachingwe, n'kuyang'ana pansi, n'kuyamba kulankhula motsitsa m'Chilomwe, mmene amachitira mtima ukawawawa. Ankati ndiye kuti mng'ono wanga ndamupundula ndine.

Lameki anawaletsa. Anati masiku oyamba kumanga kunali koyenera, kungoti kunapitirira. Kenako anati pali zimene akufuna kudziwa za phewalo, koma iye saligwira.

"Amayi aakulu, manja anu ndiwo akhale manja anga. Ine ndiima panja."

Anatenga khala kukhitchini, anavula malaya, n'kujambula paphewa lake lomwe: mzere wa fupa lochokera pakhosi, kansonga kapamwamba pa phewa, ndi fupa lophwathalala lakumbuyo limene anachita kuwapempha a Felesiya kuti alitsate ndi khalalo. Atatero anatuluka n'kukaima kunja kwa chitseko, nkhope yake kuminda ya tiyi, msana wake wojambulidwawo kwa ife. Ine ndinali m'kati nditatsitsa bulauzi mbali imodzi. A Felesiya ankasuzumira panja kuona chojambulacho, n'kubwerera kudzachifunafuna pathupi langa. Iye ankafunsa osacheuka. Zala zikuchita dzanzi? Ayi. Afinye dzanja lanu, mphamvu ilipo? Ilipo, mpaka a Felesiya anadandaula kuti ndiwathyola zala. Ululu ukutsika kuchokera m'khosi? Ayi. Tsopano iwo alekerere mkono, muukweze ndinu pang'onopang'ono. Anaukweza, ndipo unaima pamalo omwe aja pamene umaima ndikamakweza ndekha, ngati chitseko chimene chagunda thumba la chimanga.

Anthu a m'malayini anali atayamba kusonkhana, kudabwa mnyamata wa ku koleji ali chiimire padzuwa, wopanda malaya, wodzilemba makala, akulankhula ndi tiyi. Wina anafunsa ngati kumeneko ndiye kulumpha chingwe kuja. Lameki anangopitiriza kuyang'ana kuminda. Anadikira mpaka nditavala, n'kulowa, n'kunena kuti iye ali chaka choyamba, sangatchule dzina la matenda, ndipo si dokotala. Koma anati mitsempha yonyamula uthenga kuchokera kumutu kupita kuzala ikuoneka kuti ikugwira ntchito, ndiye nkhani ya sitiroko ndisaisunge mumtima mpaka odziwa atandiona. Anati kuchipatala chachikulu kuli anthu ophunzira zowongola ziwalo, ndipo mawa lomwe tikupita.

Tinapita atatu. Amene anandiona ndi mayi wina wamfupi, wolankhula mwachangu. Anandipima nthawi yaitali, anandijambulitsanso, n'kunena kuti phewa linauma chifukwa chokhalitsa osayenda pambuyo povulala. Anati zimatheka kumasuka, koma ndi ntchito ya miyezi, ndipo ndi yowawa. Ndinamufunsa ngati mkono udzakhale utakwera mvula isanagwe. Anati sangandilonjeze, ena amachira msanga, ena zimawatengera chaka kapena kupitirira. Mawu amenewo anandilowa ngati madzi ozizira. Koma anawasangalatsa a Felesiya powauza kuti kuthowa kuja asasiye, azindithowa ndisanayambe zolimbitsa thupi kuti minofu ifewe. Anandiphunzitsa zochita, Lameki akuonerera n'kumafunsa, ndipo anatiuza masiku obwereranso.

Ndiye inayamba ntchito imene anzanga ankaiseka ija, ndipo woichita ndinali ine. M'mawa ndi madzulo a Felesiya, amene anasiya nyumba yawo n'kudzakhala nane, ankandithowa. Ndinkawerama n'kulekerera mkono kuti uzilendewera n'kumazungulira ngati ndikutakasa phala mumphika waukulu. Ndinkagona chagada n'kugwira mpini wa khasu ndi manja awiri, wamanzere n'kumakankha wamanja kupita kumutu. Lameki anaponya chingwe pa nthambi ya mpeyala wa pabwalo, kuti ndikakoka ndi dzanja labwino, lodwalalo lizikwera. Ndipo chachikulu chinali khoma. Ndinkaima moyang'anana nalo n'kumayendetsa zala kukwera, pang'onopang'ono, mpaka pamene ndingapirire, a Felesiya n'kulemba mzere ndi khala pamene zala zafika. Lameki ankakhala panja n'kumatikumbutsa kuti ndisakweze phewa kukhutu, kumeneko ndi kunamiza khoma, ndiponso kuti ndizipuma mpweya, ndisaugwire.

Zinkawawa, abale. Misozi inkatsika ndili chiimire pakhomapo. Tsiku lina ndinamukalipira mwana kuti kodi ku koleji amawaphunzitsa kuzunza makolo. Anandiyankha ali kuseri kwa chitseko kuti ululu wokoka ndi wabwino, koma ukakhala wobaya ndisiye msanga. Milungu yoyamba mizere inkakwera, ndipo m'mawa uliwonse ndinkathamangira kukaiona ngati mlimi wokaona mbewu.

Tchuthi chinatha, Lameki anabwerera kusukulu. Ndipo ngati kuti mkono unadziwa, mizere inaima. Tsiku ndi tsiku khala linkagwera pamzere womwewo, mpaka pamalopo panada bii. Kunja kunatentha, mitambo inayamba kuunjikana masana, ndipo tsiku lina ndinamva bingu loyamba chakutali. Ndinasiya machubu ku nazale n'kuima kuyang'ana kumwamba. Kusakhazikika kuja kunabwerera kuposa kale. Ndinkapita pakhoma nthawi iliyonse, ngakhale pakati pa kudya, kukakamiza mkono mpaka phewa linatupa n'kumagunda ngati chithupsa. Ndinayamba kuyang'ana katundu wa m'nyumba n'kumaganiza kuti ichi ndidzanyamula, ichi ndidzasiya.

Madzulo ena ululu utakula ndinafunafuna chitenje chija kuti ndiumangenso, ndipume. Sindinachipeze. A Felesiya, omwe aja anamanga mfundo yoyamba, anali atachibisa.

"Ndinakumanga kamodzi, sindikumanganso. Ukafuna kulira lira, koma mkonowo ukhala panja."

Ndinalira ndithu. Kenako tinagwada awiri pafupi ndi khoma la mizere lija. Ndinati, Ambuye, ndatopa kuthamangitsana ndi mitambo yanu. Mvula ndi yanu, mkono ndi wanu, nyumba ino ngakhale amati ndi ya kampani, dothi lake ndi lanu. Mundipatse mtima wochita za lero zokha. Kutacha tinamuimbira Lameki, ndipo ulendo uno sindinabise kanthu. Anati ndapitirira muyeso, minofu imakula nthawi yopuma osati nthawi yoikoka yokha, ndiye ndibwerere kuchipatala ndikanene za kutupako. Mayi uja anandidzudzula mofatsa, anandichepetsera zochita, n'kundiuza kuti kuima kwa mizere kumachitika, si mapeto.

Ndinabwerera ku m'mawa ndi madzulo basi. Ndinawapempha a Felesiya kuti azilemba mzere ine nditatsinzina, ndisamaone. Mvula yoyamba inagwa, fungo la dothi linadzaza m'nyumba, ngumbi zinatuluka, ana a m'malayini akuthamanga ndi mabeseni. Mtima unkagundabe ndikamva madontho padenga, sindinganame kuti mantha anatheratu. Koma ndinkapita pakhoma, n'kuchita za tsikulo, n'kuchokapo.

Lamulungu lina m'mawa tinachedwa kudzuka, belu loyamba litalira kale. Ndinasamba mothamanga, kuvala mothamanga, kufunafuna nsapato. Tikutuluka pakhomo, a Felesiya anaima n'kundiyang'anitsitsa.

"Iwe, mpangowo wakumanga ndani?"

Ndinagwira kumutu. Mpango unali womangidwa bwinobwino, mfundo ili kumbuyo, ndipo dzanja limene linapita kukaugwira linali lamanja. Kwa miyezi yonseyo ankandimanga ndi iwo. Tinabwerera m'nyumba kukayang'ana khoma, ndipo mizere imene ndinkakana kuiona ija inali itadutsa pakuda paja n'kukwera kupitirira mutu wanga. Kutchalitchi tinafika ulaliki uli pakati, maso ofiira tonse awiri.

Tiyi ataphukira, akapitawo anabwera ku nazale ndi dengu m'manja. Anangolitula patsogolo panga. Ndinalibereka, malamba n'kukhala m'malo awo akale. Anzanga pamzere anasiya kuthyola n'kumandiyang'ana, ngakhale aja a nthabwala. Ndinathyola dzanja loyamba, ndinaponya, masamba n'kugwera pansi kumbuyo kwanga. Ndinamva wina akupumira m'mwamba. Ndinakumbukira mawu a mwana wanga oti musakweze phewa, kwezani mkono, ndipo pumani. Ndinathyolanso, ndinaponya, ndipo ndinamva kaphokoso kaja kamene wothyola aliyense amakadziwa, masamba akugwera m'dengu. Akapitawo anaima pang'ono, kuonerera lachitatu ndi lachinayi, kenako anatembenuka n'kumapita kumzere wina akukalipira anyamata kuti akusiya nsonga.

Sindikunena kuti ndinachira ngati mtsikana. Dengu langa silinalemere ngati kale nyengo imeneyo, ndipo kukazizira phewa limandikumbutsabe. Khoma sindinalisiye, ndimakwerabe m'mawa ndi madzulo. Koma ntchito ndili nayo, ndipo ndikulemba izi ndili m'nyumba yomwe ija. Amene ankaseka za kulumpha chingwe, awiri a iwo amabwera madzulo kudzakoka chingwe cha pa mpeyala, ndipo amafunsa kuti adokotala a masewero abwera liti, poti wina bondo, wina msana. Ine ndimawauza zimene mwana anandiuza, kuti ayambe apita kuchipatala.

Lameki anabweranso pa Khirisimasi. Nyumba ndinaikonza yonse, koma khoma la mizere ndinaletsa kuti asalipake laimu. Analowa, anaima patsogolo pake nthawi yaitali, akutsata mizereyo ndi maso kuchokera pansi, kudutsa pakuda paja, mpaka pamwamba. Mpaka lero phewa langa sanaligwirepo, mwambo uli pomwepo. Koma mayi saletsedwa kudalitsa mwana wake. Nditamuuza kuti ndikufuna kumupempherera, anayamba kupinda maondo mmene amachitira kuyambira ali wamng'ono.

"Usagwade. Imirira choncho."

Mwana wanga ndi wamtali, anatengera bambo ake. Ndinakweza mkono wamanja, unadutsa pachifuwa pake, unadutsa paphewa pake, ndipo dzanja langa linakakhala pamutu pake. Pemphero lenilenilo sindikulikumbuka, chifukwa tonse atatu, ine, iye ndi a Felesiya, tinkalira.

Ndikuthokoza Mulungu amene analumikiza fupa ndi fupa, n'kuika timadzi toterera pakati pake pamene palibe diso limaona. Ndinamupempha mwana wovala choyera, Iye anandipatsa mwana woima padzuwa wopanda malaya, atadzilemba makala, ndipo ndi amene ndinkamusowa. Ndikuthokoza achemwali anga amene anabwereketsa manja awo, ndi mayi wa kuchipatala uja, ndi amayi a Lachinayi amene sanatope nane.

Inu amene mukuwerenga muli ndi chanu chimene mwachimanga m'chitenje chifukwa chikupweteka, kaya ndi chiwalo, kaya ndi nkhani ya mumtima, musachisunge motalika mpaka chiume. Uzani wina. Pitani kuchipatala. Musanyoze zimene ana anu akuphunzira ngakhale dzina lake likumveka lachibwana. Ndipo mizere yanu ikaima malo amodzi, mitambo n'kumaunjikana, musaleke kupita pakhoma. Chitani za lero, mawa mudzachitenso za mawa. Amene anandikwezera mkono wanga sanatope, akwezanso wanu. Ambuye akusungeni nonse. Ameni.